Babu lowala kwambiri pa njinga yamoto: ndiike LED kapena la 100W?

Wakabaza wina wa ku Machinjiri walemba motere:

"Bambo makaniko, ndimayendetsa kabaza pakati pa Chirimba ndi Machinjiri, ndipo masiku ambiri ndimaweruka cha m'ma 9 koloko usiku chifukwa makasitomala ochokera m'tauni amachuluka kukada. Njinga yanga ndi ya 125cc, yatha zaka 3. Nyali yake masiku ano ikuwala ngati koloboyi. Sabata yatha ndinatsala pang'ono kugunda mayi ena amene ankayenda m'mbali mwa msewu atasenza mtolo wa nkhuni. Ndinawaona nditafika kale pafupi. Anzanga pa siteji ena akuti ndiike babu la 100W, ena akuti ndigule LED yoyera ija. Ndinayesapo LED imodzi ya pamsika, inkaphethira njinga ikaima, ndipo inapsa mwezi usanathe. Ndithandizeni, ndigule babu lanji lowala kwambiri koma losandiwonongera njinga?"

Achimwene, pepani ndi zimene munakumana nazo, ndipo tithokoze kuti mayiwo anakafika kwawo ali bwinobwino, inunso muli moyo ndipo njinga ili m'manja. Mtima ukhale m'malo. Nyali yofooka pa njinga ya zaka 3 si chizindikiro choti njingayo yatha. Ndakhala pa ntchito ya magetsi a galimoto ndi njinga zamoto kwa zaka zambiri mu Blantyre muno, ndipo dandaulo lanuli ndimalimva kawirikawiri, makamaka mu June ndi July pamene kumada msanga ndipo chiperoni chimakuta kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Limbe. Mwachita bwino kufunsa musanatulutsenso ndalama ina, paja safunsa anadya phula.

Pa njinga zambiri zimene zimandipeza ndi vuto limeneli, babu silikhala lolakwa. Mwina magetsi amakhala akutayikira m'njira asanafike pa babupo, mwina kuwala kumatuluka ndithu koma n'kumagwera polakwika. Kuika babu lalikulu pa njinga yotero kuli ngati kugula ndowa yaikulu pamene mpopi ukungodontheza. Ndiye ndiloleni ndiyambire ku mpopiko, za mababu tizipeza kutsogolo.

Choyamba mudziwe mmene njinga yanu imadyetsera nyali, chifukwa imfa ya LED yanu ija yagona pamenepa. Tsegulani kiyi osaliza injini, kenako yatsani nyali. Ikayaka, ndiye kuti imadya kuchokera ku batire, magetsi amene timati DC. Ikakhala chete mpaka mutaliza injini, ndipo mumaona kuti mukaima pa siteji imazilala koma mukawonjezera moto imawala, ndiye kuti imadya molunjika kuchokera ku koyilo ya mu injini, magetsi a AC. Njinga zing'onozing'ono zambiri za pakati pa 100cc ndi 150cc zimene akabaza amayendetsa zili m'gulu lachiwirili. Mmene mwalongosolera kuti LED inkaphethira njinga ikaima, ndikukhulupirira kuti yanunso ndi ya AC.

Koyilo imeneyi imakhala m'mbali mwa injini, kuseri kwa chivundikiro, ndipo pali maginito amene amaizungulira injini ikamalira. Magetsi otuluka mmenemo sayenda njira imodzi. Amapita n'kubwerera kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo mphamvu yake imakwera ndi kutsika motsatira moto wa injini. Babu wamba lilibe nazo ntchito zimenezo, chifukwa mkati mwake muli kawaya kamene kamangofuna kutenthedwa, kaya magetsi achokere uku kapena uko. LED ndi ina. Iyo imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, choncho pa AC imayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Injini ikamalira pang'onopang'ono diso limatha kuona kuphethirako. Mukathamanga diso silikuonanso, koma tizipangizo ta mkati mwa LED timakhala tikumenyedwa ndi magetsi okwera modzidzimutsa mpaka timapsa. LED yanu inaikidwa pa magetsi amene sinapangidwire, basi.

Tsopano za anzanu a 100W aja. Ndikuwamvetsa, nambala yaikulu imakopa. Koma koyilo ya njinga ili ngati malipiro a pamwezi, ili ndi polekezera, ndipo opanga njinga anagawa kale kuti zakuti ndi za nyali, zakuti za batire, zakuti za getsi la kumbuyo. Babu la 35W limakoka pafupifupi ma amp 3 (amp ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya). La 60W limakoka 5. La 100W limakoka pafupifupi 8. Pa njinga ya AC koyilo imalephera kulikhutitsa, magetsi amagwa, ndipo chibabu chija chimangofiira ngati khala la moto, kuwala kwake n'kuchepa kuposa kwa la 35W limene munachotsa. Pa njinga ya DC limawala ndithu masiku oyamba, koma limadya kuposa zimene koyilo ikubweza ku batire. Pakangotha masiku ochepa sitata yayamba kukana, mwabwerera ku kiki.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi kutentha kwake. Chaka chatha kunabwera mnyamata wa ku Bangwe m'mamawa akukankha njinga. Nyali inamuzimira usiku ali pa liwiro mu msewu wa Midima, ndipo mwamwayi anagwera pa udzu osati mu ngalande. Nditangotsegula nyaliyo, fungo la pulasitiki yopsa linandilandira. Soketi yogwira babu inali itada n'kuuma ngati nkhoko za pansi pa poto, ndikaigwira inkangoyoyoka m'manja. Mbale yonyezimira ya mkati inali itapindika pamwamba penipeni pa babu. Ndinalondola mawaya mpaka pa switchi ya pa handulo, n'kupeza timikuwa ta mkati titamira mu pulasitiki yosungunuka. Babu lake la 100W linali lamoyo bwinobwino. Anagula soketi, switchi, nyali yathunthu ndi mawaya, ndalama ya masiku ambiri akugwira ntchito, chifukwa cha babu limodzi. Ndinamumvera chisoni, chifukwa naye ankangofuna kuona njira, monga inu. Babu la 100W musaliike pa njinga ya 125cc, ngakhale wina akupatseni laulere.

Chimene chingakuthandizeni msanga, ndipo mosalowa m'thumba kwambiri, ndi kuyeza magetsi. Pitani kwa wamagetsi amene ali ndi mita, kapena bwerekani. Batire labwino, njinga itazima kwa maola angapo, limaonetsa pafupifupi 12.6V, likamaonetsa zochepera 12.2V latopa kapena silikuchajidwa mokwanira. Injini ikamalira pa moto wapakati, pa batire pazioneka pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Kenako muyeze pa babu penipeni, nyali itayaka, poti apa ndi pamene pali nkhani. Ngati njinga ndi ya AC, mita aitembenuzire ku AC. Babu la halogen, lija la kawaya kotentha lokhala ndi mpweya wapadera mkati, ndi lodandaula kwambiri pa chakudya chake. Limene limawala mokwanira pa 12.8V, likalandira 12V limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kuwala kwake, ndipo pa 10.5V limatsala ndi theka lokha. Taganizani, theka la kuwala kupita chifukwa cha ma volt awiri okha. Munthu n'kumanyoza babu pamene babulo likufa ndi njala.

Nanga magetsiwo amatayikira pati? Tsegulani chigoba cha nyali muone mtolo wa mawaya umene uli mmenemo. Polumikizira pamene pasanduka pobiriwira kapena poyera ngati phulusa, pamenepo magetsi akuvutika kudutsa. Fumbi la ku Machinjiri la mu October ndi mvula ya mu January zikasakanikirana mu switchi ya pa handulo, timikuwa tija timachita ndere. Pali mawaya amene wina anadula n'kungopotokola pamodzi, n'kukulunga ndi kapepala ka pulasitiki. Oterowo ayenera kuwotchereredwa ndi mtovu n'kutsekedwa bwino. Koma wakuba wamkulu ndi waya wa earth, umene umabweza magetsi kuchokera pa babu kupita ku thupi la njinga. Pa njinga zina nyali imabweza magetsi kudzera pa bauti imene yachita dzimbiri, kapena kudzera m'magolo a khosi la handulo. Yesani izi: nyali itayaka, tembenuzani handulo kumanzere mpaka kumapeto, kenako kumanja, mukuyang'ana pakhoma. Kuwala kukamasintha kapena kuphethira, pali waya wothyokera mkati pakhosipo kapena earth ndi yofooka. Waya umodzi watsopano wa earth, wochokera pa soketi ya babu kukafika pa thupi la njinga pamalo opalidwa bwino, ndaona ukudzutsa nyali zimene eni ake anali atazitaya mtima.

Muli pomwepo yang'anani mbale yonyezimira ija. Iyenera kuoneka ngati kalilole. Ikafika pofanana ndi sefuliya yakale, yotuwa, ya mawangamawanga a madzi, palibe babu limene lingakuthandizeni, chifukwa mbaleyo ndi imene imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya kutsogolo. Musaipukute ndi nsalu. Kunyezimirako ndi kautoto kopyapyala kwambiri, kamachoka ndi chala chokha. Galasi la pulasitiki limene lachita chikasu ndi dzuwa mukhoza kulikwecha ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu konyowa, limayera kwa miyezi ingapo ngakhale kuti chikasucho chimabwerera. Mbale ikafa, gulani nyali yathunthu. Ndalama imeneyo imabweza kuwala kochuluka kuposa babu lodula loikidwa mu mbale yakufa.

Pali chinthu china chaulere chimene akabaza ambiri sachiganizira, ndipo ndikuganiza kuti chingakhale ndi gawo pa nkhani ya mayi aja: kumene nyali yaloza. Pezani khoma pamalo athyathyathya kukada. Imikani njinga mamita 10 kuchokera pakhomalo, mukhalepo, ndipo mnzanu akhale kumbuyo monga kasitomala, poti ntchito yanu simuyenda nokha. Wachitatu ayeze kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, akalembe mzere ndi khala pakhoma pa msinkhu womwewo. Yatsani dimu. Malire a pamwamba a kuwala ayenera kukhala masentimita 10 mpaka 15 kunsi kwa mzere uja. Njinga zambiri zimene ndimayeza motere, kuwala kumakhala pamwamba pa mzere. Chifukwa chake n'chosavuta: kasitomala akakwera, mwinanso ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, kumbuyo kumatsika, mphuno ya njinga imadzuka, nyali n'kumaunika mitengo ya mango ndi malata a nyumba za anthu pamene msewu uli bii. Mashoko a kumbuyo akatopa zimanyanya. Masulani mabauti a m'mbali mwa nyali, kapena kabauti ka pansi pake, itsitseni mpaka ifike poyenera, mumangenso. Ndi ntchito ya mphindi 10.

Zonsezi zikakhala bwino, tikhoza kukamba za babu. Popita ku mashopu a masipeya ku Limbe kapena ku Ndirande, nyamulani babu lakale m'thumba, chifukwa matako a mababu amasiyana. Pali la BA20d, la tizikhomo tiwiri m'mbali ndi timadontho tiwiri ta mtovu kunsi. Pali la P15d, limene ambiri amaliti H6M, lokhala ndi kambale kozungulira m'chiuno. Ndiye pali a miyendo itatu, HS1 ndi H4, amene amafanana ngati mapasa koma si amodzi: HS1 ndi la 35/35W la njinga zing'onozing'ono, H4 ndi la 60/55W la galimoto ndi njinga zikuluzikulu. Anthu amapala kakhutu ka H4 kuti lilowe pa malo a HS1. Pa mapepala a opanga, H4 limatulutsa ma lumen (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) 1,650 pa fulu ndi 1,000 pa dimu, pamene HS1 limatulutsa 825 ndi 525, ndiye chikoka chake chikumveka. Koma manambala amenewo ndi a babu limene likudya mokhuta. Koyilo ya njinga yaing'ono inagawidwira babu laling'ono, ndipo tabwereranso ku nkhani ya malipiro a pamwezi ija.

Njira yosavuta ndiponso yopanda chiopsezo ndi iyi: babu la halogen labwino, la ma watt omwewo amene opanga njinga analemba. Njinga zambiri zimabwera ndi babu wamba la galasi lozungulira ngati dzira, ndipo likakalamba galasilo limada mkati. Kungolichotsa n'kuika halogen yatsopano ya 35/35W ya kampani yodziwika, monga Osram kapena Philips, kusiyana kwake mumakuona usiku womwewo. Makampani amenewa amapanganso mababu owonjezera kuwala pa ma watt omwewo. Amawaladi, koma sakhalitsa ngati wamba, ndiye muziyenda ndi lina lapadera. Chenjerani ndi achinyengo, chifukwa mayina amenewa amaberedwa kwambiri. Zilembo za pa chitsulo cha babu lenileni zimakhala zooneka bwino, ndipo kawaya ka mkati kamakhala kowongoka pakati penipeni. Poika, musagwire galasi ndi zala. Mafuta a m'manja amapsera pagalasipo n'kulifooketsa. Gwirani ndi kapepala kapena pa chitsulo.

Mababu a galasi labuluu aja asiyeni. Utoto wabuluuwo ndi sefa, umadya gawo la kuwala kuti kotsalako kuoneke koyera. Nambala imene imathera ndi K pa katoni, monga 6000K, ikunena za mtundu wa kuwala, osati kuchuluka kwake. Halogen wamba ili cha pa 3200K, yoderako ku chikasu, pamene 6000K ndi yoyera yopita ku buluu. Poimika njinga pa siteji yoyerayo imaoneka yaukali, koma pa phula lonyowa ndi mu chifunga cha chiperoni imatopetsa maso, ndipo okwera njinga ambiri amene ndawathandiza amati amaona bwino maenje ndi kuwala koderako ku chikasu.

LED sindidana nayo, musandimve molakwa. LED yabwino imadya ma watt 12 mpaka 20 okha n'kuwala kuposa halogen ya 35W, ndipo siopa kugwedezeka kwa misewu yathu ya miyala monga kawaya ka halogen. Pa njinga ya koyilo yaing'ono, imeneyi ndiyo njira yokhayo yopezera kuwala kochuluka popanda kupempha magetsi amene kulibe. Koma ili ndi malamulo ake. Pa njinga yanu ya AC, katoni ilembedwe kuti AC/DC. Ya DC yokha ipsanso monga yoyamba ija.

Kenako yang'anani kapangidwe kake, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Kawaya ka mu halogen ndi kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo mbale yonse ya nyali inapindidwa kuti itole kuwala kochokera pa kanjere kameneko. LED ya timaso tambirimbiri tozungulira ngati chimanga pa chitsononkho imatulutsa kuwala kuchokera malo amene mbale sikuwadziwa. Zotsatira zake, kuwala kumamwazika. Pafupi ndi tayala la kutsogolo pamayera mbee, m'mitengo mumayera, m'maso mwa obwera mumayera, koma patali pamene mukufuna kuona pamakhala mdima. Ndipo kuyera kwa pafupiko kumapangitsa maso anu kutsinzina, n'kulephereratu kuona kutali. Mwini njinga amakhulupirira kuti nyali yake ndi yaukali, chonsecho munthu wovala zakuda akumuonera pafupi kuposa kale. LED yabwino imakhala ndi kathabwa kopyapyala pakati, timaso tochepa mbali ziwiri moyang'ana kumanzere ndi kumanja, pa malo omwe pakanakhala kawaya, ndi kachishango kakang'ono kotchinga dimu kuti isakwere. Musanalipire, pemphani kuti muiyese pakhoma, ngakhale m'kati mwa shopu mwamdima. Pa dimu payenera kuoneka mzere wodula bwino pamwamba, kunsi kowala, kumwamba mdima. Mukaona chimtambo chabe chopanda malire, ibwezeni.

Manambala a pa katoni musawakhulupirire msanga. LED ya mu nyali imatulutsa pafupifupi ma lumen 100 pa watt imodzi, ndiye ya 15W ikhala cha pa 1,500. Katoni yolembedwa 10,000 kapena 20,000 pa kababu kotero ikunama. Kumbukiraninso kuti LED imatentha kumbuyo, osati kutsogolo. Zina zili ndi kafani, ndipo fumbi lathuli likalowa kafaniko kamaima, LED n'kupsa. Ine ndimakonda za chitsulo cha mapiko chopanda fani, bola mu chigoba mukhale malo oti chipume, komanso labala yotchinga madzi ibwerere pamalo pake.

Akabaza amene amagwira usiku tsiku ndi tsiku ndimawalangiza kuti nyali aisamutsire ku batire. Wamagetsi amakoka waya wabwino kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi ndi relay, switchi yoyendetsedwa ndi magetsi imene imatseguka ndi kiyi, kukafika ku switchi ya nyali. Mukatero kuwala kumakhala kofanana kaya mwaima kaya mukuthamanga, ndipo izi zimathandiza kwambiri pa mahampu ndi m'makona, pamene mumachepetsa moto ndipo nyali ya AC imazilala pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Koma izi zimayenda ndi LED yokha. Mukasamutsira halogen ya 35W ku batire pa njinga yotere, gawo la koyilo limene limachaja batire silikwanitsa, ndipo batire limatha m'masiku ochepa. Ntchito ikatha, muumirire kuti ayeze inu mukuona: nyali itayaka, injini pa moto wapakati, batire lisatsike pansi pa 13V. Pali ntchito ina yaikulu yosintha malumikizidwe a koyilo yonse ndi kuika regulator ina, kabokosi koletsa magetsi kukwera mopitirira muyeso, kuti magetsi onse apite ku batire. Imeneyo ndi ya wamagetsi wozolowera, osati ya pansi pa mtengo ndi pulayazi yokha.

Za HID, mababu a xenon okhala ndi kabokosi kawo, sinditaya nthawi yanu. Amakoka magetsi ambiri poyaka, amatenga masekondi angapo kuti awale mokwanira, ndipo mu mbale wamba amathobwa aliyense. Si a njinga yanu.

Timagetsi tiwiri tapadera tomangirira pa zitsulo zoteteza miyendo ndi tothandiza m'tinjira ta fumbi ta m'makwalala, momwe maenje ndi miyala zimafuna kuunikidwa chapansi. Tikhale ta ma watt ochepa, toloza pansi, ta switchi ndi fyuzi yaketake, ndipo muzitizimitsa mukalowa pa phula pamene pali obwera. Tophethira, tabuluu ndi tofiira kutsogolo, ayi. Kutsogolo kwa njinga kumayenera getsi loyera kapena lachikasu, lofiira ndi la kumbuyo, ndipo labuluu ndi la apolisi. Mudzangodziputira nkhani pa rodibuloko.

Nkhani yothobwa anzanu m'maso ndimaitenga mozama, ndipo si chifukwa cha ulemu wokha. Msewu wa ku Chirimba usiku mumaudziwa kuposa ine. Dalaivala wa minibasi amene mwamuthobwa saona m'mphepete mwa msewu, ndiye amathawira pakati, kumene kuli inu. Kapena amakwiya n'kukuyatsirani fulu yake, ndipo nonse awiri mumadutsana muli akhungu, pamene m'mbali muli mwana, njinga yakapalasa ya makala yopanda getsi, kapena mayi a nkhuni aja. Pa kugundana kwa minibasi ndi njinga, wopita ku Queens amadziwika kale. Ngati mukugula nyali yathunthu ya LED ya magalasi ozungulira aja, onaninso pakhoma kuti mzere wa dimu wakwerera mbali iti. Kuno timayenda kumanzere, ndiye uyenera kukhala wathyathyathya kapena kukwerera kumanzere, kumene kuli oyenda pansi. Nyali zopangidwira maiko oyenda kumanja, monga China, zina zimakwerera kumanja, molunjika m'maso mwa obwera.

Ngakhale nyali ikhale yabwino chotani, dimu ili ndi pothera pake. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola njinga imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo imatha musanagwire n'komwe buleki. Muli ndi kasitomala kumbuyo, njinga imachedwanso kuima. Pamene palibe magetsi a mumsewu, liwiro lanu lizilamulidwa ndi pamene kuwala kwanu kwathera. Galasi la chipewa chanu nalonso lionetsetseni. Lokalikakalika limamwaza kuwala kwa galimoto zobwera kukhala ngati nyenyezi, ndipo lakuda ndi la masana okha. Mukakonza zonsezi koma n'kumaonabe kuti usiku anzanu amaona zinthu inu musanazione, kapena magetsi a galimoto akuoneka ndi chifunga chowazungulira, kapimitseni maso. Ng'ala ndi matenda a shuga zimayamba kudziwika motero, ndipo ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, pa Queen Elizabeth Central Hospital, amapima zimenezi.

Pali zizindikiro zina zimene mukaziona musapitirize kuyesayesa nokha. Mababu akamapsa motsatizana, makamaka mukathamanga, regulator yafa ndipo ikulola magetsi kupitirira 15V. Mukangoika babu lina lipsanso, ndipo batire likhoza kutupa kapena kuuma madzi. Fungo la pulasitiki yopsa pa handulo kapena mu nyali, soketi yotentha yosagwirika, fyuzi yodukaduka, zonsezi zikufuna wamagetsi tsiku lomwelo. Fyuzi ikaduka musaike waya kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya pamalo pake. Fyuziyo ikudzipereka kuti njinga isayake, ndipo thanki ya petulo ili pamwamba pa mawaya amenewo, pakati pa miyendo yanu. Posankha wamagetsi, muone ngati akutulutsa mita asanatulutse pulayazi. Amene amayesa magetsi pokhudzitsa waya ku chitsulo kuti aone moto akhoza kukupserezani regulator ndi LED yatsopano nthawi imodzi.

Popeza LED yanu inapsa mwezi usanathe, ndikupemphani kuti madzulo ano, musananyamule kasitomala woyamba wa usiku, mulize njinga n'kuzungulira kumbuyo kwake. Pa njinga zambiri za AC getsi la kumbuyo limadya pa waya umodzi ndi nyali ya kutsogolo, ndipo babu lalikulu likafa, magetsi otsala amathamangira ku timababu tating'ono n'kutipsereza. Onani ngati lofiira likuyaka, pondani buleki muone ngati likuwonjezera kuwala, ndipo ngati lafa, kababu ka 21/5W kamene njinga zambiri zimagwiritsa ntchito kamapezeka pafupifupi mu shopu iliyonse ya masipeya pa Chirimba pomwepo.